Kope Limene Ndinakana Kutentha

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la mapemphero a Lachitatu, landirani moni m'dzina la Ambuye, amene amasunga munthu ngakhale pamene munthuyo wasiya kudzisunga yekha. Mwandipempha kangapo kuti ndiimirire ndi kuchitira umboni zimene zinandionekera ndili ku koleji. Ndayesapo kawiri, koma ndalephera. Mukudziwanso kuti masiku ano si nkhani iliyonse imene munthu angaikambe ataimirira, mazenera ali otsegula. Ndiye ndasankha kulemba. Maina a anthu ndawasintha, ndipo dzina la koleji sindilitchula. Nkhani yake ndi yakuti m'chaka chimodzi ndinaika mkazi wanga m'manda, ndipo ndinatsala pang'ono kutengedwa kupita kumene otengedwa sauzidwa tsiku lobwerera, chifukwa cha kope limodzi longa la ana a sukulu.

Ndisanapite ku koleji ndinkaphunzitsa pa kasukulu ka mpingo kufupi ndi Nayuchi, kumene njanji imawolokera ku Mozambiki. Kumeneko ndinakwatira Enelesi, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko ndinakamanga nyumba pamudzi pa amayi ake, ndi kukhala mkamwini. Mwini mbumba pamudzipo anali a Makwinja, amalume ake a Enelesi, munthu wamtali wa mawu osasa, amene ankagula makumba owamba ku nyanja ya Chiuta ndi kukwera nawo sitima kukagulitsa ku Balaka. Sanandikonde kuyambira pachiyambi. Pamene mpingo unandisankha kuti ndikaphunzire Chingerezi ndi mabuku ake kwa zaka ziwiri, iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi nati, "Munthu wa ndevu zake, kusiya munda wa apongozi kukamvera nthano za azungu! Akamwini, nthanozo mudzatiphikira?" Enelesi yekha ndiye anati ndipite.

Koleji yathu inali kunja kwa Balaka, pakati pa milambe ndi minda ya thonje. Inali yaing'ono: tchalitchi, zipinda zitatu zophunziriramo, nyumba imodzi yaitali yogonamo, ndi khitchini kuseri. M'kalasi la Chingerezi tinalimo makumi awiri ndi awiri. Amene ankatiphunzitsa anali m'mishonale wokalamba amene tinamupatsa dzina loti a Tsegulani, chifukwa phunziro lililonse ankaliyamba ndi mawu akuti "Tsegulani mabuku anu," pamene mabukuwo analipo atatu okha a kalasi lonse. Njira yathu inali yokopera. Buku likafika pa iwe, unkalikopera ndi manja m'kope mwako, tsamba ndi tsamba, kenaka n'kulipereka kwa mnzako. A Tsegulani ankati munthu wokopera buku amalidziwa kuposa wongoliwerenga, ndipo sankanama.

Chaka chachiwiri tinapatsidwa sewero lakale la ku Mangalande, la mfumu ina yokalamba imene nduna zake zinapangana kuichotsa pampando. A Tsegulani ankatiphunzitsa kamangidwe ka mawu ake, mmene munthu wofuna kunyengerera anzake amayambira patali, ndi mmene mantha amadulira ziganizo. Za dziko lathu sanatchulepo ngakhale kamodzi. Koma pofika pa masamba ena, m'kalasimo munkati zii, ndipo aliyense ankayang'ana pa desiki yake.

Pa tchuthi cha nthawi yokolola, limodzi la mabuku a sewerolo linagwera ine. Ndinapita nalo ku Nayuchi ndikuganiza kuti ndikakopera bwinobwino, koma ndinaiwala kuti mkamwini sakhala pakhonde ndi cholembera chimanga cha apongozi chili kumunda. Panali kukolola, panali kututa, panali nkhokwe yofunika kuluka. Enelesi anali woyembekezera, miyezi itapita ndithu, ndipo amayi ake anali atamuletsa kumunda. Iye analekezera sukulu Sitandade 8, koma zolemba zake zinali zokongola kuposa zanga. Anati, "Aphunzitsi, bweretsani kuno bukulo. Inu kalimbaneni ndi nkhokwe, mfumu yanuyi ndilimbana nayo ine." Kwa masabata atatu anakhala pa mkeka pakhonde, kope lili pa bondo, amayi ake akutong'ola chimanga chapafupi. Chingerezi chakalecho ankachimva mwa apo ndi apo, ndipo m'mphepete mwa masamba ankalembamo timawu take ta Chichewa, tondiseka ine, toseka anthu a m'seweromo. Tsiku lobwerera anakulunga kopelo m'chitenje chake chobiriwira kuti lisade ndi fumbi la m'sitima.

Patapita miyezi iwiri, uthenga unandipeza m'kalasi. Enelesi anachira mwana wamkazi, koma tsiku lachinayi, adakali m'chikuta, anayamba kutaya magazi. Anamunyamula pa machira kulunjika kuchipatala ku Ntaja, ndipo sanafike. Ine ndinafika atakumba kale manda. Pamenepa sindinena zambiri.

Titachoka kumanda, azimayi anasonkhanitsa katundu yense wa malemu ndi kumumanga m'nyumba mwathu. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti chilichonse chimene manja a malemu anachigwira ngati chake chisonkhane pamodzi mpaka tsiku lometa ndi kusudzula wamasiye, makamaka ngati munthu wapita ali m'chikuta. Amati kanthu kakatsalira kwina, nthenda yotupa imalowa pamudzi. A Makwinja anandiitanira pambali nandifunsa kuti, "Akamwini, kodi kusukulu kwanuko kuli kanthu ka mwana wathu?" Ine, mkhristu, wophunzira, ndinayankha kuti, "Iyayi, amalume." Apongozi anga anali pomwepo, mwana wakhanda ali m'manja. Iwo amene anaona mwana wawo akulemba masabata atatu anangondiyang'ana. Ndinabwerera ku Balaka ndi bodza langa, ndikudziuza kuti miyambo yotere ndi ya anthu osaphunzira.

Sindinali kulira pamaso pa anthu. Ndinkadzuka, kupita ku mapemphero a m'mawa, kulowa m'kalasi, kulemba zimene ndauzidwa. Koma masana aliwonse, anzanga akapita kukadya, ndinkatsegula bokosi langa lachitsulo, kumasula chitenje chija ndi kuwerenga tsamba limodzi. Za mfumu ndi nduna zake ndinalibe nazo ntchito, ndinkangotsatira dzanja la Enelesi.

Kenaka kalata inabwera kuchokera ku boma yonena kuti sewero lija laletsedwa. Sabata yomweyo a Tsegulani anapatsidwa tsiku limodzi loti alongedze ndi kutuluka m'dziko. Tinawaona kudzera pazenera akukwera galimoto ndi sutikesi imodzi, ndipo palibe mwa ife amene anatuluka kukatsanzikana nawo. Mkulu wa koleji, munthu wabwino koma wa ana asanu ndi awiri oti awadyetse, analamula kuti mabuku atatu aja ndi makope onse okopera abwere kuseri kwa khitchini. Anasonkha moto, ndipo ankaitana dzina ndi dzina, munthu n'kuponya kope lake. Litafika dzina langa ndinaponya kope lina, la malamulo a chiyankhulo, lokutidwa ndi pepala lofanana. Palibe analitsegula. Mnzanga Alufeyo, amene bedi lake linayandikana ndi langa, anandiyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Koma Lolemba lotsatira, tikutuluka m'tchalitchi, tinapeza galimoto yobiriwira itaima pansi pa mlambe wa pa geti. Munali anthu awiri a boma ovala wamba, a nsapato zopukutidwa bwino. Sanafunse munthu njira. Anapita molunjika kwa Alufeyo, natenga buku lake la nyimbo, n'kulikutumula. Munagwa masamba anayi a sewero lija, amene iye anawang'amba m'kope mwake asanaliponye pamoto, chifukwa ankakonda kuwanena pamtima. Anamuuza kuti akangomufunsa mafunso ochepa. Anapita wopanda ngakhale bulangete. Madzulo ake mbale yake inakhala pa tebulo mpaka ophika anaichotsa, ndipo palibe anatchula dzina lake pa mapemphero.

Anthu aja anadziwa bwanji za buku la nyimbo? Funsoli aliyense anali nalo, ndipo linatithetsa chibale. Anthu amene tinkabwerekana sopo tinayamba kuyankhulana za nyengo zokhazokha. Galimoto ija inabweranso Lachitatu, n'kuima pansi pa mlambe womwewo kuyambira m'mawa mpaka masana, popanda wotsikamo. Lachinayi inabweranso. Mmodzi wa ophika anandinong'oneza pondigawira nyemba kuti wamva zoti si makope onse a sewero lija amene anapsa.

Ndinadziwa bwino chimene chinali m'bokosi mwanga. Alufeyo anatengedwa chifukwa cha masamba anayi. Ine ndinali ndi sewero lathunthu. Kuonjezera apo, pambali pa mawu a mfumu yokalamba ija, Enelesi analembapo kuti, "Agogo awa atopa, bwanji osawasiya akapume?" Iye ankanena za munthu wa m'buku, ali pakhonde pa amayi ake. Koma ndani akanandipatsa mpata wofotokoza zimenezo? Sabata yomweyo ndinalandira kakalata kochokera kumudzi kakuti mwana sakuyamwa bwino mkaka wa m'botolo, mapazi akutupa, ndipo kumeta kwaimitsidwa. Mwana ameneyo anali atataya kale mayi. Akanataya ine, akanakula osadziwa nkhope ya kholo ngakhale limodzi.

Munthu wanzeru akanatentha kopelo tsiku lomwelo. Ndinayesa. Lachinayi masana ndinalibisa m'malaya ndi kupita kuseri kwa khitchini, kumene moto wophikira nyemba unali usanazime. Ndinati ndiliyang'ane komaliza, ndipo linatseguka pa tsamba limene mzere wina unakhota mwadzidzidzi n'kutsikira pansi. M'mphepete mwake munali mawu akuti, "Si ine ndakhotetsa, wandimenya chidendene mwana wanuyu." Ndinaima pamenepo mpaka utsi unandilowa m'maso, kenaka ndinabwerera nalo. Lachisanu ndinapita nalo kuchimbudzi, koma dzanja la mkazi wanga sindikanaliponya kumeneko. Akuluakulu amati pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinkaudziwa mwambiwu, ndipo ndinkadziwa kuti galuyo ndine.

Lachisanu lomwelo, nthawi ya chakudya cha masana, ndinalowa m'tchalitchi muli mopanda munthu. Chimwalirire Enelesi ndinali ndisanapemphere ndi mawu angaanga. Ndinkangotsatira a anzanga. Ndinagwada pa benchi yomaliza. Pemphero langa silinali lokongola, ndipo sindilikongoletsa pano. Ndinati, Ambuye, ndanama pamanda, ndanama pamoto, ndipo tsopano ndikuopa. Kopeli sinditha kulitaya. Ngati mukufuna kuti mwana uja akhale ndi bambo, tumizani wina adzandilande, pakuti dzanja langa silitsegulika. Nditadzuka ndinamva chisoni kuti ndapemphera motero, ndipo ndinalakalaka kuti Mulungu asamve.

Loweruka m'mawa, titangomwa phala, galimoto ija inalowa pa geti mpaka pabwalo. Mkulu wa koleji anatiuza kuti aliyense atulutse bokosi lake ndi kuima pambali pake. Tinandanda pa dzuwa kutsogolo kwa nyumba yogonamo, ine ndili wachisanu ndi chinayi. Anthu awiri aja anayambira kumanzere. Wamkuluyo, wa imvi pang'ono, anali ndi kandodo kamene ankatembenuzira zovala. Wamng'onoyo ankatsegula buku lililonse ndi kulikutumula. Sankafulumira. Bokosi lililonse linkawatengera nthawi yokwana kuimba nyimbo ziwiri za m'tchalitchi, ndipo ine ndinkaziimba mumtima. Atafika pa lachisanu ndi chimodzi, ndinayamba kuganiza za dzina limene ndinali ndisanapatse mwana wanga.

Ndipamene fungo la nsomba linandifika, munthu ndisanamuone. A Makwinja analowa pa geti dengu lili pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kuchokera ku siteshoni, akufuula kuti, "Ali kuti mkamwini wabodza uja?"

Mkulu wa koleji anathamanga kukawatchingira. "Bambo, dikirani kunja, pano pali ntchito ya boma."

A Makwinja anatula dengu, navula chipewa, natulutsa khadi lawo la chipani n'kulikweza m'mwamba. "Pepani mabwana, khadi langa ili, la chaka chino. Sindikulimbana ndi ntchito yanu iyayi. Koma kwathu mwana akutupa, ndipo sitima yobwerera sidikira munthu." Kenaka anabwera n'kuima maso ndi maso ndi ine. "Akamwini, ndinakufunsani dothi la pamanda lisanaume, kuti kodi kuno kuli kanthu ka mwana wathu. Munayankha chiyani?"

"Ndinati iyayi, amalume."

"Kwezani mawu, amve anzanuwa. Aone zimene mumaphunzira kunoko."

"Ndinati iyayi."

"Mlongo wanga wakhala chete miyezi iwiri kukusungirani ulemu. Dzulo ndiye wanena. Tsegulani."

Ndinatsegula. Iwo anatulutsa kabotolo m'thumba, nadzola madzi ake m'manja mpaka m'zigongono, kenaka anayamba kutaya malaya anga pa fumbi, limodzilimodzi, mpaka anafika pansi. Chitenje chobiriwira chija anachinyamula ndi zala ziwiri. Anthu onse pabwalopo anali kuyang'ana, ndipo aliyense wa maso akanaona ngodya zinayi za chinthu chimene chinakulungidwamo.

Wa kandodo uja anasiya bokosi limene anali kufufuza. "Madala, bwerani nacho kuno chimenecho. Muli chiyani m'menemo?"

A Makwinja anapita nacho mofatsa, n'kuchitambasulira kwa iye pa manja awiri. "Muli za malemu, bwana. Anapita ali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe, ndipo mpaka lero sitinamete chifukwa cha mbava iyi. Ine ndadzola mankhwala ndisanagwire, mwaona nokha. Inu ndinu boma, masulani. Ndingopempha chimodzi: mukachoka pano musakalowe m'nyumba mwanu, musakagwire mayi a kunyumba kapena ana, mpaka mutapita nafe ku Nayuchi kukasamba. Tisadzamve kuti kwanu kwatupa munthu, n'kumati a Makwinja sananene."

Dzanja la munthu uja linali litanyamuka kale, ndipo linaima m'malere. Wamng'onoyo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi nati, "Bwana, zisiyeni izo, ndi nsalu za azimayi." Wamkuluyo anayang'ana chitenjecho, nayang'ana ine nthawi yaitali. Ndikhulupirira mpaka lero kuti anadziwa. Anakweza kandodo kake ngati akufuna kugogoda pa nsaluyo, kenaka anakatsitsa.

"Chotsani zonunkha zanuzi pano," anatero.

A Makwinja anaika chitenjecho pamwamba pa makumba, naphimba ndi chiguduli, nasenza dengu. Anauza mkulu wa koleji kuti mkamwini wawo akumufuna pa sitima ya masana, apo ayi akamusumira kwa abusa. Anthu aja atafika pa bokosi langa anapezamo Baibulo, khadi langa, makope a ndakatulo zololedwa, ndi malaya odzaza fumbi. Wamng'onoyo sanafune ngakhale kukhudza pansi pa bokosilo. Anapitirira kwa wotsatira.

Musaganize kuti ndinasangalala. Ndinali nditachititsidwa manyazi pamaso pa anzanga onse, ndipo chinthu chokhacho chimene ndinatsala nacho cha mkazi wanga chinali m'dengu la nsomba. Tinakwera sitima ya masana ija. Tinawoloka Shire, tinadutsa Liwonde, ine ndikuyang'ana panja, iwo atakumbatira dengu lawo limene tsiku limenelo sanagulitsemo nsomba ngakhale imodzi. Titatsika ku Nayuchi ndi kulowa kanjira ka kumudzi, kumene kunalibe wotimva, ndinawafunsa ngati ankadziwa chimene anthu aja ankafuna.

Anati, "Ine sindiwerenga, akamwini. Ndinabwerera katundu wa mwana wa mlongo wanga, basi." Tinayenda pang'ono, kenaka anaonjezera kuti, "Koma wogulitsa nsomba amadziwa ntchentche zikamazungulira dengu." Nditayamba kuthokoza anandidula. "Musandithokoze. Mukadali wabodza mpaka mawa."

M'mawa mwake mbumba yonse inasonkhana kuseri kwa nyumba yathu. Azimayi anamasula katundu wa Enelesi. Zovala, mbale ndi mapoto anazitsuka m'madzi a mankhwala kuti zigawidwe kwa abale. Chitenje chobiriwira chija chinalowa momwemo. Mkeka umene anagonapo, ndi zina zonse zosachapika, anaziika pambali kuti zipse. Kope lija linatsala lokha pa lichero. Mayi wina wachikulire analitembenuza nati, "Nanga ili?" Wina anayankha kuti, "Pepala silichapika." Palibe anatsutsa, ndipo inenso sindinatsutse.

Apongozi anga ndiwo anakweza dzanja. Anati, "Dikirani. Ine ndinamuona mwana wanga akulemba, akuseka yekha. Za azunguzo sindikuzifuna. Akamwini, tiwerengereni zimene ankasekazo."

Anandidzoza mankhwala m'manja ndipo ndinalandira kopelo. Ndinakhala pansi, n'kuyamba kuwerenga timawu ta m'mphepete, tsamba ndi tsamba. "Apa sindinamvepo kanthu, aphunzitsi mudzandiuze." "Mayi awa akulira masamba awiri, apsereza ndiwo." "Nduna iyi ikulankhula ngati amalume akagulitsa nsomba zonse." Pamenepa azimayi anaphulika kuseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje, ndipo a Makwinja anati, "Mwana wopanda ulemu," mawu awo akuthera panjira. Aka kanali koyamba kuti pamudzipo pamveke kuseka chichitikire maliro. Mzere umodzi wokha ndinaudumpha, wa agogo otopa uja, pakuti ngakhale pa mbumba munthu sadziwa mawu akachoka apita kuti. Nditawerenga za chidendene cha mwana, apongozi anati, "Basi, tamumva." Ndinatseka kopelo n'kulipereka kwa iwo, ndipo dzanja langa linatseguka lokha. Analiika pamwamba pa mkeka, a Makwinja n'kuyatsa.

Anandimeta tsiku lomwelo. Atatha, apongozi anandiika mwana m'manja ndi kundifunsa dzina lake. Ndinamutcha Tamandani. Sabata imeneyo tinapita naye kuchipatala, ine ndi a Makwinja, ndipo anamusinthira mkaka. Kutupa kunatha pang'onopang'ono. Apongozi amati kunatha chifukwa katundu anakwana, anamwino amati chifukwa cha mkaka. Ine sindinakanganepo ndi aliyense wa iwo. Ndinabwerera ku koleji, ndinalemba mayeso pa mabuku ena amene anatipatsa, ndipo ndinakhoza. Ngakhale anandisudzula, sindinapite patali; ndinapempha sukulu yoyandikira, kuti Loweruka lililonse ndizikwera njinga kukamuona mwana.

Abale, umboni wanga ndi umenewu. Sindikukuuzani kuti mankhwala a m'kabotolo aja anali ndi mphamvu, ndipo sindikukuuzani kuti bodza langa linali labwino chifukwa linathera pabwino. Ndikukuuzani kuti ndinapempha Mulungu kuti atumize wondilanda, ndipo dzuwa lisanalowe kawiri anatumiza munthu amene sankandikonda, atasenza mwambo umene ine ndinkaunyoza, pa ola limene galimoto ija inali pabwalo. Ndinkayembekeza kuti chipulumutso chikadzabwera chidzandisisita pamsana. Chinabwera chikunditukwana pamaso pa anzanga, ndipo chinandilanda chimene ndinkachikonda. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha icho, ngakhale pali masiku ena masana pamene manja anga amafunabe bokosi lija.

Pali china chimene sindichimvetsa, ndipo sindikubisirani. Alufeyo sanabwerebe. Anali wopemphera kuposa ine, ndipo sananamepo pamanda a munthu. Amayi ake amabwera ku Balaka kudzafunsa, ndipo palibe wowayankha. Sindidziwa chifukwa chake dengu linafikira ine osati iye. Ndikupemphani kuti mukamapemphera muzimutchula, ngakhale dzina limene ndakupatsani si lake. Mulungu akulidziwa lenilenilo.

Kwa inu amene mwataya munthu, ndipo pali kanthu kamene mwakafumbata kamene kakukuikani pa ngozi, musachite manyazi kuuza Ambuye kuti dzanja lanu silikutseguka. Iwo sasowa womutuma. Limbikani, ndipo wobwerayo musamubweze chifukwa cha fungo lake kapena mawu ake.

Mukatha kuwerenga, perekani mapepalawa kwa mnzanu pamanja, osati kudzera mwa wina. Amene adzawerenge pomaliza asachite zimene ndinachita ine. Awatenthe tsiku lomwelo, ngakhale atawakonda bwanji. Zimene mwawerenga mwazimva kale, ndipo mapepala awa nawonso sachapika.